Ukwati umene unatsekeredwa m'tepi

Ndikufuna kuchitira umboni za mmene Mulungu anandichotsera manyazi pa ntchito yanga yojambula kanema. Ndimakhala pa Nathenje, m'mbali mwa msewu wa M1 wopita ku Dedza, ndipo amene munakwatitsapo mwana kuyambira ku Kamphata mpaka ku Mitundu mwina munandionapo nditaima kutsogolo m'tchalitchi, kamera ili kumaso. Ambiri amayesa kuti ntchitoyi ndi yongoloza n'kudina. Ine inatsala pang'ono kundisamutsa pamudzi.

Mu 2009, nditagulitsa fodya ku Kanengo, ndinatumiza ndalama kwa achimwene anga ku Joni kuti andigulire kamera. Anabwera nayo pa Khirisimasi. Inali ya MiniDV, ija ya timatepi tating'ono ngati bokosi la machesi, ndipo zithunzi zake zinali zoyera bwino. Tepi imodzi inkalowa mphindi 60. Ntchito inali potulutsa kanemayo, chifukwa ankafuna chingwe cha FireWire, ndipo kwathu kuno sindinapeze kompyuta yokhala ndi polowetsa chingwe chimenecho. Ukwati ukatha Loweruka, Lolemba ndinkalawirira minibasi kupita m'tauni kwa mnyamata wina wobena zimbale. Tepi ya ola limodzi inkatenganso ola lathunthu kuti ilowe m'kompyuta, n'kudya malo pafupifupi 13 GB. Magetsi akathima pakati, tinkayambiranso.

Chaka cha 2011 nonse mukuchikumbukira: mafuta kusowa, ndalama zakunja kusowa, magalimoto kugona pamzere. Matepi nawo anayamba kusowa m'masitolo, ndipo ukaipeza, mtengo wake unali wolemetsa. Pakamera zimenezi pali posankha SP kapena LP. Ukaika pa LP tepi imayenda pang'onopang'ono, ya mphindi 60 ija n'kulowa mphindi 90. Ojambula ambiri tinathawira kumeneko.

Mu Okutobala chaka chomwecho ndinajambula ukwati wa mwana wa mkulu wa mpingo cha ku Mitundu. Kunali dzuwa loswa mtengo, ndipo fumbi la ovina linkachita kulowa m'mano. Ndinatenga zonse pa LP: malumbiro, kuvekana mphete, perekaniperekani mpaka dzuwa kulowa. Nditatulutsa tepi yomaliza, kachitseko ka kamera kanakana kubwerera. Kanangolira pang'ono, basi zii. Sindinade nkhawa kwambiri poti matepi anali m'chikwama. Koma kutauni titawaika m'kamera ina, nkhope za akwati zinkasweka kukhala timabokosi, mawu a abusa akudukaduka osamveka. Tinabwereka inanso, chimodzimodzi. Pamenepo ndi pomwe anandiuza kuti pa LP timizere timene makina amalemba patepi timathinana kwambiri, moti nthawi zambiri tepiyo imaoneka bwino m'kamera yokhayo imene inaijambula. Yanga inali itafa.

Ankhoswe anabwera kunyumba m'mawa wina, nakhala pampando osavula chipewa. Anati, "Achimwene, ife sitinabwere kudzakangana. Agogo ake a mkwatibwi sanapite ku ukwati chifukwa cha miyendo, ndipo tsiku lililonse akufunsa chimbale. Tikawauze chiyani?" Ndinasowa choyankha. Ndinakatenga ndalama ya katapila n'kuwabwezera zonse zimene anandilipira, koma iwo polandira anangoti ukwati sabwereza. Mbiri inawanda pamsika ponse. Makwaya amene tinapangana kuti ndiwajambulire anayamba kundizemba, ndipo mayi a kunyumba ankabwera ku Chigwirizano atazyolika chifukwa cha zonena za anthu. Iwo ndi amene anandiletsa kutaya matepiwo. Anawakulunga m'kansalu n'kuwaika pansi pa sutikesi, ndipo usiku uliwonse ankawatchula m'pemphero.

Chithandizo chinachokera kwa bambo wina wachikulire wokonza mawailesi ndi ma TV mumsika wa Lilongwe. Atatsegula kamerayo anati, "Mwana wanga, matepi ako ali moyo. Chafa ndi kamota aka. Tikapeza kamera inzake ya mtundu womwewu, ukwatiwo utuluka." Patapita miyezi anaipeza m'mulu wa katundu wowonongeka wochokera kunja. Anangosintha kamotako ndi kagiya kamodzi, koma mutu umene umawerenga tepi ndi timisomali toyendetsa tepiyo sanazikhudze, akuti ndi zimene zikudziwa njira imene kanemayo analembedwera. Ataika tepi yoyamba, mkwatibwi anaoneka akulowa m'tchalitchi, chophimba kumaso chikuuluzika, nyimbo ikumveka bwinobwino. Ndinagwada pomwepo pakati pa mawailesi akale, misozi ili mbwembwembwe. Chimbale ndinakapereka ndekha, ndipo agogo aja anaonera pa TV yoyendera batire ya galimoto, akululutira ali pamphasa. Ankhoswe anandibwezera ndalama ija osawapempha, ndipo ndi imene ndinatsekera katapila.

Pofika mu 2012, pogula kamera ina, ndinali ndi mafunso ambiri moti ogulitsa ankatopa nane. Anandionetsa yojambulira pa timbale ta DVD ta masentimita 8. Imakopa, chifukwa ukatulutsa kachimbaleko umangokaika mu DVD player. Koma kamadzaza pa mphindi 30 zokha, ndiye ulaliki wa abusa athu sungakwanemo, komanso ukapanda kukatseka ndi "finalize" m'kamera momwemo sikaoneka kwina. Imeneyo inandikumbutsa za LP, ndinaikana. Ya hard disk imasunga maola ambiri, koma mnzanga wina anali atalira nayo kale: akayandikira masipika akuluakulu a pa ukwati, kugunda kwa nyimbo kunkaichititsa kusiya kujambula, poti inapangidwa kuti izidziteteza ikamagwedezeka. Ukwati wa kwathu wopanda masipika ndi uti?

Ndinatenga ya memori khadi, ya AVCHD, njira imene Sony ndi Panasonic anatulutsa mu 2006. Mulibe choyenda chimene fumbi lingatseke, ndipo khadi imalowa m'makompyuta ambiri. Ndinaonetsetsanso kuti ndi ya PAL, imene timagwiritsa ntchito kuno ndi ku South Africa, osati NTSC ya ku America ndi Japan, imene imaphethiraphethira ukamajambula pansi pa mababu ena a magetsi athu. Nayonso ili ndi zake. Kompyuta yakale imatsimphina potsegula mafayilo ake, ndipo pamsika pali makhadi achinyengo olembedwa 32 GB koma osunga zochepa. Khadi yatsopano, ngakhale yolembedwa Class 10, ndimayamba ndaidzaza kunyumba n'kuonera mpaka kumapeto ndisanapite nayo ku ukwati wa munthu. Ndikangofika usiku, ndimakopera kanemayo malo awiri ndisanadye nsima.

Lero ana a akwati aja ali kusukulu, ndipo ubatizo wawo ndinajambula ndine. Ambuye alemekezeke.

Abale anga amene mukusunga matepi a ukwati kapena a maliro a makolo m'masutikesi, musadikire. Makamera owerenga matepi amenewo akutha, ndipo owakonza akukalamba. Pitani nawo kwa wojambula amene akadali ndi makina ake akusamutsireni pa fulashi chaka chino, ndipo ngati kamera imene inawajambula ilipo, ngakhale yakufa, muitengere limodzi.