Kwanu Nkwanu, Koma Kwanu Nkuti?

Adzukulu anga, ndi inu nonse okonda za makolo, lero ndabwera ndi nkhani ya m'nyumba mwanga momwe. Eni ake andilola kuti ndiikambe, koma maina ndawabisa.

Mwezi wathawu mwana wanga wachiwiri, amene amagwira ntchito mu mzinda wa Lilongwe, adatulukira kuno ku Dedza Loweruka m'mawa osatumiza mau. Nditangoona kuti wabwera yekha, ana wawasiya, ndidadziwa kuti pali nkhani. Titatha kudya adasolola kapepala m'thumba la malaya. Adalembapo lendi ya nyumba, magetsi, madzi, makala, minibasi, fizi ya ana atatu ndi thumba la chimanga. Pansi pake adalemba malipiro ake, ndipo malipirowo adali kuperewera.

"Bambo," adatero, "katapira wanditopetsa. Ndaganiza zosamutsa banja kuti libwere kumudzi. Ine ndipeza kachipinda kamodzi, ndizibwera mwezi ukatha."

Masamu ake ndidawayang'ana monga momwe ndinkachongera makope, ndipo sindidapeze cholakwa. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, koma malipiro a anthu ambiri adatsalira m'mbuyo. Chaka cha 2024 kudabwera ng'amba ya El Niño, boma nkulengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi, ndipo chimanga chidakwera mtengo. Tsono munthu wa m'tauni amagula chilichonse, ngakhale chisoso ndi bonongwe zimene kuno timazula m'munda ngati udzu. Pa pepala, kusamuka kudali kwanzeru.

Komabe ndidakhala chete nthawi yaitali, chifukwa njira imeneyi ndidaiyenda ine mwini. Mu 1994 ndinkaphunzitsa ku Blantyre. Chaka chimenecho boma lidaleka kuikira kwacha mtengo, ndipo katundu m'masitolo ankakwera ngati wathiridwa yisiti. Ndidachita zomwezi: ndidalemba kapepala, ndidawerengera, ndipo ndidakweza mayi anu aakulu ndi ana pa basi kubwera kuno. Ndalama zidapumadi. Ngongole ndidabweza, njerwa za nyumba ino ndidaumbitsa ndi zimene zinkatsala. Koma chaka chomwecho maphunziro a pulaimale adakhala aulere, ana adakhamukira kusukulu, ndipo ana anga adapezeka akuphunzirira pansi pa mtengo, mphunzitsi mmodzi ndi khamu losawerengeka. Ine, mphunzitsi, ndinkaphunzitsa ana a eni ake kuwerenga, anga ali kutali. Zaka zisanu ndidali mlendo pakhomo panga, wobwera ndi buledi ndi shuga, wophikiridwa nkhuku, wonyamuka mame asanakamuke. Zimenezi pa kapepala kanga kaja padalibe. Walira mvula walira matope, adatero akale, ndipo matope anga adali amenewo.

Mwana amene adakhala patsogolo panga ndi kapepala ndi mmodzi wa ana aja. Ndidamufunsa ngati akukumbukira masiku amenewo. Adayamba waseka, kenaka adati chimene akukumbukira ndi kukhala pa mseu wa M1 Lachisanu lililonse lotsiriza la mwezi, kuwerenga mabasi ochokera kumwera. Atanena zimenezo tonse tidayang'ana kumbali.

Koma funso limene ndidamufunsa pambuyo pake ndilo landilembetsa nkhaniyi. Ndidati, "Mwanawe, wati kumudzi. Kumudzi kwa yani?"

Achinyamata a lero mau akuti kumudzi amangowatchula ngati dzina la malo amodzi. Kwa ife Achewa si choncho. Mwana ndi wa mbumba ya mayi wake, ndipo mwinimbumba ndi malume. Ine pano ndine mkamwini. Dziko limene ndamangapo nyumbayi ndi la akuchikazi. Mwana wanga angathe kulima pano chifukwa ndi kwa amayi ake, ndipo atsibweni ake sangamukanize. Koma ana ake, adzukulu angawo, kwawo si kuno. Kwawo ndi ku Mchinji kumene kudachokera mayi wawo. Akafuna kubwera nawo kuno, chimenecho ndi chitengwa, ndipo chitengwa sachita kulengeza pa foni. Ankhoswe a mbali zonse amakhala pansi, mwinimbumba wa kuchikazi amavomera kapena kukana. Mwambi uja wakuti kwanu nkwanu, m'thengo mudalaka njoka, timaukonda kwambiri, koma umafuna munthu ayambe wadziwa kuti kwawoko nkuti.

Ena anganene kuti izi ndi zachikale. Ine ndaikapo maliro ambiri m'mudzi muno, ndipo ndaona zimene zimatsatira maliro. Mwamuna amamanga nyumba ya malata kwa amayi ake, mkazi nkumaphika nsima ya amisiri, nkumatunga madzi oumbira njerwa. Mwamunayo akatsogola, sipapita chaka abale amayamba kutsokomola kuti mayi adzipita kwawo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 lidaletsa kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi ana, ndipo lamulo la malo a makolo la 2016 lidatsegula njira yoti munthu alembetse malo ake. Malamulo ndi abwino amenewo. Koma mayi amene anthu aleka kumupatsa moni pa chitsime sadikira khothi, amamanga katundu yekha. Pano ndikulankhula za mtundu wanga womwe, ndipo sindikunyadira.

Usiku umenewo mayi anu aakulu adaimbira foni mpongozi wawo. Ine sindikadatha kutero. Mwambo sulola kuti ine ndi apongozi tizikambirana za m'nyumba mwawo maso ndi maso, ndipo ngakhale ndidapita kusukulu, pamenepo ndidalephera kusintha. Zimene adamva zidatidzidzimutsa. Apongoziwo nkhani yosamukayi adaimva ngati chigamulo, osafunsidwa. Iwo amagulitsa kaunjika mu msika, ndipo mwezi ukafika pakati, ndiwo za pakhomo zimachokera pa benchi yawoyo. Pa kapepala ka mwana wanga ndalama imeneyi padalibe. "Amayi," adatero, "kulima sindikukana. Koma feteleza tidzagula ndi chiyani ndikasiya geni? Ndipo mwana wamkuluyu ali Sitandade 8, mayeso ali pafupi."

Apa mpamene achinyamata a m'tauni amalakwitsa kawirikawiri. Amaganiza kuti kumudzi zinthu nzaulere. Nyumba yokha ndiyo yopanda lendi. Sopo, mchere, mafuta ophikira ndi feteleza mtengo wake ndi womwewo, penanso kuposa, chifukwa zayenda ulendo. Chipatala chili patali, ndipo wodwala usiku amanyamulidwa pa njinga yamoto yolipira. Munda umabereka kamodzi pa chaka, mvula ikalola. Sindikuti tauni ndi yabwino. Ndaona ana akulira m'nyumba za lendi osadziwa ngakhale dzina la gogo wa agogo awo, osaonapo nkhokwe, ndipo mtima wanga umafuna adzukulu anga pafupi, ndiwaphunzitse kusema mpini ndisanafe. Ndivomere kuti pamene mwana wanga ankalankhula, mbali ina ya mtima wanga inkavina. Mbali imeneyo ndidaikhazika pansi, chifukwa njala yofuna kuona adzukulu ndi yanga, si ya apongozi.

M'mawa mwake ndidamubwezera kapepala kake nditawonjezapo mizere itatu: geni ya mkazi wake, feteleza wa maekala awiri, ndi mtengo wa minibasi yopita ndi kubwera kanayi pa mwezi, chifukwa ndidamuuza kuti kamodzi pa mwezi ine sindivomera. Atawerengeranso, phindu la kusamuka lidachepa, ngakhale silidathe. Tidagwirizana kuti palibe wosamuka mwana asanalembe mayeso. Amayi ake amubwereka chigawo cha dimba kuti adzale mbatata ya kachewere ndi kuona yekha chimene nthaka imabweza. Adatchulanso zofufuza kamalo kogula cha ku Nathenje, kumene angamange m'maina a onse awiri ndi kumapita kuntchito m'mawa uliwonse. Zimenezo ndi zawo kukambirana.

Mau tatumiza kale kwa ankhoswe. Loweruka likubwerali ine ndi atsibweni ake a mnyamatayu tikukwera minibasi ya ku Mchinji kukaonana ndi malume a apongozi, ndipo tambala woti tinyamule ndamupatula kale m'khola.