Mfuti Yobisika Pabwalo la Sukulu

M'Chichewa chinthu chobisidwa sichikhala ndi mbiri yabwino. Timabisa nyama yakuba, ngongole, kapena matenda amene tikuchita nawo manyazi. N'chifukwa chake pomasulira nkhani ya malamulo a mfuti a ku America ndinavutika ndi chiganizo chimodzi: chilolezo choyenda ndi mfuti yobisa. Kwa ife, chimene boma laloleza chimayenda poyera. Kwa iwo, munthu atha kukhala ndi pepala lomulola kubisa.

Mu 1990 dziko la America linakhazikitsa lamulo loletsa mfuti pasukulu ndi m'malo oyandikana nayo, koma linasiya khomo lotsegula kwa amene ali ndi chilolezo cha boma la chigawo chawo. Ku Utah, mphunzitsi wokhala ndi chilolezo chotere atha kulowa m'kalasi ya sukulu ya boma mfuti ili m'chiuno, makolo osadziwa. Oikira kumbuyo lamuloli amati chigawenga chimaopa kulowa pamalo pamene sichikudziwa kuti wanyamula ndani.

Ndikanatha kuiona ngati nkhani ya kutali, koma ndinakulira ku Bindura, m'chigawo cha Mashonaland Central, kumene agogo anga ochokera ku Dedza anadzagwira ntchito pamgodi wa Trojan. Kumeneko funso lomweli limafunsidwa m'Chishona ndi m'Chichewa cha m'komboni. Zaka zapitazi akuba a mfuti akhala akuthyola masukulu m'Zimbabwe, makamaka teremu ikangoyamba, ndipo apolisi amachenjeza pafupipafupi kuti ndalama za fizi zisagone pasukulu. Pamisonkhano ya makolo sipalephera kuimirira bambo wina n'kunena kuti ahedi kapena wosunga ndalama akhale ndi mfuti.

Amalume anga analondera sukulu ina kwa zaka zambiri ndi chibonga, tochi ndi wezulo. Nditawafunsa ngati akanakonda kupatsidwa mfuti, anaseka. "Iwe mphwanga, akuba akabwera asanu n'kupeza ndili ndi chibonga, andimanga ndi waya n'kundisiya. Akadziwa kuti ndili ndi mfuti, ayamba ndi ine, ndipo mfutiyo apita nayo." Sanali kuyankhula mwamantha. Anali kuwerengera ngati munthu amene wagona panja usiku wambiri.

Fisi satsata khola, amatsata mbuzi. Chimene chimaitana akuba pasukulu ndi madola a ku America osungidwa mu ofesi. Makolo ndi masukulu sasunga ndalama choncho chifukwa cha umbuli. Mu 2008 ndalama za m'banki zinasungunuka ndi kukwera kwa mitengo. Mu 2018 kunabwera msonkho wa 2 peresenti pa ndalama zotumizidwa pafoni ndi kubanki. Mu 2019 madola amene anthu anali nawo m'maakaunti anasandutsidwa ndalama ya m'dzikomo imene inagwa mphamvu msanga. Kholo lokumba golide m'maenje a ku Mazowe kapena Shamva limalandira madola pamanja, n'kukawapereka pamanja. Kuika mfuti pafupi ndi ndalamazo n'kuwonjezera chinthu chachiwiri choti chibedwe.

Lamulo la mfuti la Zimbabwe limafuna kuti munthu atenge chiphaso kupolisi atapereka chifukwa chomveka. Ndilibe mkangano ndi zimenezo. Koma chiphaso chimayesa munthu tsiku limene wakapempha. Sichidziwa kuti adzakhala wotani malipiro akachedwa, banja likasokonekera, kapena mwana wa Fomu 4 akamuyankha mwachipongwe pamaso pa anzake. Sichidziwa za jekete loiwalika pampando nthawi yopuma. Mu 2022 boma linapereka nyengo yoti anthu abweze mfuti zosalembetsa popanda kuimbidwa mlandu. Mfuti zambiri zotere sizinayambe zili za akuba: zinali ndi eni ake ovomerezeka, kenako mwini anamwalira, chiphaso chinatha, kapena nyumba inathyoledwa.

Palinso china chimene pepala silingafafanize. M'chigawo chathu sukulu inakhalapo kale malo oopsa. Pakati pa chisankho cha Marichi ndi cha Juni 2008, masukulu ena a kumidzi anasandutsidwa misasa ya achinyamata a chipani, ndipo aphunzitsi ambiri anathawa chifukwa ankawaganizira kuti ndi otsutsa boma. Ana amene anaona zimenezo lero ndi makolo. Ukawauza kuti pasukulu pali munthu wonyamula mfuti koma sanganenedwe dzina, samva chitetezo. Amafunsa kuti munthuyo ndi wa mbali iti. Kwa ife adzukulu a anthu obwera, amene ambiri tinakhala ndi zitupa zolembedwa kuti ndife alendo mpaka malamulo a dziko a 2013 atatsegula njira ya unzika, funsoli n'lolemera kawiri. Si ife amene timakhala oyamba kupatsidwa ziphaso.

Ngakhale ku America komweko mfuti yololedwa sinakwaniritse lonjezo lake nthawi zonse. Pa 24 Meyi 2022, ku Uvalde m'chigawo cha Texas, ana 19 ndi aphunzitsi awiri anaphedwa. Apolisi oposa 370 anafika ndi zida, koma panadutsa nthawi yoposa ola asanalowe m'kalasimo. Ngati anthu ophunzitsidwa ntchitoyo anazengereza, tikuyembekeza chiyani kwa mphunzitsi wa masamu?

Sindikunena kuti sukulu ikhale yopanda chitetezo. Fizi ilipiridwe kubanki, ndipo boma lichotse msonkho pa malipiro amenewo kuti kholo lisalangidwe chifukwa chomvera. Mlonda alipidwe pa nthawi yake, akhale ndi mnzake ndi foni yogwira. Ngati pafunikadi mfuti sabata yotsegulira, aibweretse wapolisi wovala yunifolomu, aime pachipata, aliyense amuone, ndipo ntchito ikatha achoke nayo. Kholo likasiya mwana pasukulu m'mawa liyenera kudziwa zonse zimene zili m'bwalomo. Chilolezo chobisa chimalanda kholo ufulu umenewo.