Mwera wa ku Seke

Ku Seke, limodzi mwa madera atatu amene mu 1978 adalumikizidwa n'kukhala tauni ya Chitungwiza, kuli mkulu wina amene kuyambira ubwana wake mphepo yozizira ya mwezi wa Juni amaitcha mwera. Anansi ake olankhula Chishona amangoti chando chafika, koma iye akamva mphepo ikulowera pansi pa malata amakoka jekete n'kunena kuti mwera wayamba. Liwuli adalitola pakamwa pa bambo ake, mtchona wa ku Nkhotakota amene adatsikira ku Southern Rhodesia kumayambiriro kwa Chitaganya cha 1953, nagwira ntchito m'minda ya fodya, kenaka m'mafakitale a mu Salisbury, mpaka imfa idawapeza asadabwerere kwawo. Pamodzi ndi mwera, mwanayo adalandiranso mawu ena: mpoto, vuma, dooko, nkhafi, chilimira, thandala. Onsewa ankawatchula bwinobwino, kamvekedwe kali m'malo mwake, koma nyanja imene idabala mawuwo sadaionepo kufikira atakwanitsa zaka 66.

Bambo akewo chilankhulo chawo sankachitcha Chichewa. Adachoka kwawo msonkhano wa Malawi Congress Party wa 1968 usadakhazikitse dzinali, ndipo mpaka tsiku lomaliza ankati amalankhula Chinyanja, monga momwe anthu a ku Zambia ndi ku Mozambique amachitchulirabe. Tsono mwana wawo adakalamba akulankhula chilankhulo cha anthu a kunyanja m'tauni imene madzi ndiwo chinthu chosowa kuposa zonse. Ku Chitungwiza, kumene kalembera wa 2022 adapeza anthu oposa 370,000, mwana amadziwa madzi ngati katundu wa m'chigubu, wodikirira pamzere wa pamjigo tambala asadalire. Kolera wa 2008, amene adapha anthu oposa 4,000 m'dziko lonse la Zimbabwe, adayambira komweko. Nyanja ya pafupi ndi Chivero, damu limene lidamangidwa mu 1952 pamtsinje wa Manyame, ndipo zonyansa za m'matauni zimathera momwemo. Kumeneko mkuluyo adapitako kangapo ali mnyamata, koma bambo ake atamva kuti anthu akuti n'kunyanja adangoseka, nati limenelo ndi thamanda.

Ulendo udayamba ndi adzukulu. Atatuwo, wamkulu wa zaka 14 ndi wamng'ono wa zaka 7, adaona pafoni zithunzi za ku Cape Maclear, madzi obiriwira ndi azungu atagona pamchenga, ndipo adafunsa ngati kumeneko ndiye kwawo kwa sekuru. Mayi wawo, mwana wamkazi wa mkuluyo, adaganiza zosunga ndalama kuti patchuthi cha Ogasiti 2023 akagone masiku awiri pamalo ena ogona alendo ku Senga Bay. Mkuluyo adakana. Adati ndalama sizingakwane, ndipo zidali zoona, koma chifukwa chenicheni chidali china. Iye ankafuna dooko la bambo ake, kumwera kwa boma la Nkhotakota, kufupi ndi pamene madzi a Chia amakumana ndi nyanja. Ankalifuna, ndipo nthawi yomweyo ankaliopa.

Mantha amenewa ali ndi gwero lake. Mayi ake adali Mzezuru wa m'midzi ya ku Seke, ndipo kwa Ashona mwana ndi wa bambo, amatenga mtupo wa bambo ndi mudzi wa bambo. Kwa Achewa a ku Nkhotakota mwana ndi wa kuchikazi, mwini wake ndi malume, munda amaupeza kwa mayi. Choncho a kuchikazi kwake ankamuloza ku Malawi, pamene mwambo wa ku Malawiko ukadamubweza ku Seke. Boma nalo lidaonjezera pake. Lamulo la unzika limene lidasinthidwa mu 2001 lidachititsa anthu ambiri obadwira mu Zimbabwe, koma bambo kapena mayi ali wa ku Malawi, Zambia kapena Mozambique, kuwerengedwa ngati alendo, ndipo andale ena ankawanena poyera kuti ndi anthu opanda mtupo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 adawabwezera unzika, naikanso Chichewa pamndandanda wa zilankhulo 16 zovomerezeka. Komabe munthu amene wamva kwa zaka zambiri akutchedwa mubhurandaya, ndiko kuti wa ku Blantyre, ngakhale Blantyre sadampondepo, sakhulupirira msanga kuti kwina kuli anthu amene angamuyalire mphasa.

Za njira palibe zambiri zonena. Basi idawadutsitsa pa Nyamapanda, pamlatho wa Zambezi ku Tete, pachipata cha Dedza mpaka ku Lilongwe, ndipo minibasi zidawatenga kudzera ku Salima kutsata msewu wa m'mbali mwa nyanja. Adatsika madzulo, ana atatopa osafunanso kuona kanthu.

Amene adawalandira ndi mayi wina wa zaka zoposa 70, mwana wa mlongo wa bambo ake. Adali atalankhulana pafoni kawiri kokha. Mayiwo adamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati, "Asuweni, ndiye mwachita kudikira imvi kuti mudzaone mkazi wanu?" Mkuluyo adasowa choyankha. Chisuweni, nthabwala zimene ana a mlongo ndi mlongo amaponyerana, adangochimva m'nkhani za bambo ake, ndipo tsopano chidamugwera iye mwini pamaso pa adzukulu. Anthu adaseka, mphasa idayalidwa, ndipo usiku umenewo adadya mpunga wa m'madambo a komweko ndi utaka wootcha. Koma amuna awiri a m'banjamo adangopereka moni wapakamwa n'kukhala chapatali. Mlendo wochokera kunja akafika ndi ana, pamudzi pamene malo a m'mbali mwa nyanja ayamba kugulidwa ndi anthu a ndalama, funso limakhalapo ngakhale lisafunsidwe.

Dookolo lidali pamtunda wosakwana mphindi 10 kuchokera pakhomo. Kutacha adatsetserekera kumeneko kudutsa m'minda ya chinangwa, ndipo atangotuluka pamitengo ya mango nyanja idaonekera yonse kamodzi, dzuwa likutuluka m'madzi momwemo. Mwana wamng'ono uja adaima, nagwira dzanja la agogo ake, nafunsa m'Chishona kuti tsidya lili kuti. Mkuluyo adadziwa yankho, kuti tsidya ndi Mozambique, koma mawu sadatuluke.

Mabuku okopa alendo amakonda kutchula malo ngati amenewa kuti ndi a zii, opanda anthu. Si zoona. Chimene padalibe ndi mpanda, mlonda wa pachipata, mabwato a injini okoka alendo, ndi anyamata otsatsa ziboliboli. Koma anthu adalipo ambiri, aliyense ndi ntchito yake. Asodzi amene adachezera usiku ndi nyali kukopa usipa ankakokera mabwato kumtunda. Amayi ankayanika usipawo pathandala, ena akutsuka mbale ndi mchenga, ena akuchapa. Ana ankasambira pamadzi ofika m'chiuno, pamaso pa aliyense, popeza padooko mwana sayang'aniridwa ndi mayi ake okha. Bata la pamalopo lidali lakuti panalibe amene ankafuna kanthu kwa mlendo. Asuweni aja ndiwo adagawa malo: amuna amasamba uko kuseri kwa mwala, akazi kuno, ndipo kubango kuja mwana asayerekeze, chifukwa kumeneko ndiko kumabisala ng'ona ndi nkhono zofalitsa likodzo. Malangizo oterewa sapezeka pachikwangwani, amachokera kwa munthu amene wakhala padookopo moyo wake wonse.

Adzukuluwo Chichewa ankachimva mwa apo ndi apo, kuyankha ankayankha m'Chishona. Tsiku loyamba lomwelo wamng'ono uja adamva ludzu, napempha mvura. Ana a pamudzipo adayang'ana kumwamba, kopanda ndi kamtambo komwe, ndipo adagwa nako kuseka, pakuti liwu limene m'Chishona limatanthauza madzi ndi mvula yomwe, m'Chichewa limangonena za yogwa kumwambayo. Usipa wa pathandala adautcha matemba, monga amatchulira kapenta wa ku Kariba, ndipo adauzidwa kuti matemba ndi nsomba ina. Mwanayo adalira pang'ono. Pofika madzulo adali atadziwa kunena kuti madzi, bwato, tiyeni, ndi mawu ena awiri amene mayi ake sadakondwere nawo. Zimene agogo ake adalephera kumuphunzitsa m'zaka 7 za m'nyumba ya ku Seke, ana anzake adayamba kumulowetsa tsiku limodzi, chifukwa padookopo wosalankhula sankalowa m'masewero.

Chichewa cha mkuluyo nacho chidakopa anthu. Chidali cha m'ma 1950, chosungidwa m'nyumba imodzi, chothiridwa Chishona apa ndi apo: ntchito nthawi zina inkatuluka ngati basa, nsima ngati sadza. Msodzi wina wachinyamata amene ankasoka ukonde adamvetsera kwa kanthawi, nati, "Agogo, inu mukuyankhula ngati agogo anga amene adatisiya kale." Sadanene monyoza. Akatswiri a zilankhulo akamalemba za ana a matchona amathamangira kuwerenga zimene zidatayika, ndipo n'zoona kuti zidatayika zambiri. Chimene saonetsetsa n'chakuti mawu ena amakhala m'kamwa mwa munthu zaka makumi ambiri ali otsekeka, tanthauzo lake litafupika, kudikira tsiku lokumana ndi chinthu chake. Thandala kwa mkuluyo lidali poyanikira mbale kuseri kwa nyumba. Dooko lidali liwu limene bambo ake ankatchulira pokwerera basi pa Makoni, mwanthabwala imene mwanayo sadaizindikire kuti ndi nthabwala.

Mwera udafika usiku wa tsiku lachitatu. Kutacha nyanja ija idali ina, yotuwa, mafunde akumenya mchenga mwaukali mpaka phokoso kumveka kumudzi. Mabwato onse adali kumtunda, ena atawamangirira kumitengo. Palibe adapita pamadzi, usipa udasowa, ndipo amayi ankakambirana za ndiwo zamasamba. Mkuluyo adakhala pabwato lovundikira m'mawa wonse, jekete la ku Seke lili pathupi. Apa ndi pamene adamvetsa chifukwa chimene bambo ake ankakhalira chete mphepo ya Juni ikayamba, n'kumayang'ana kumpoto ngati munthu wowerenga anthu amene sadabwerere. Kwa mwanayo mwera udali kuzizira basi. Kwa bamboyo udali masiku a njala ya ndiwo, ndi akazi oima pamchenga kudikira bwato lochedwa.

Asuweni aja adamupeza pomwepo, nakhala pansi chapafupi. Nthabwala adazisiya kunyumba. Adafunsa kuti malume awo adaikidwa kuti, ndipo ndani adayendetsa maliro. Mkuluyo adayankha kuti adagona kumanda a ku Chitungwiza komweko, ndi kuti bungwe la maliro la anthu a ku Malawi, limene bamboyo ankasonkhako mwezi ndi mwezi, ndilo lidagula bokosi, kukumba manda ndi kuyimba nyimbo za kwawo. Mayiwo adagwedeza mutu. Adati mayi awo adamwalira akunenabe kuti mlongo wawo abwera chaka chamawa, ndipo uthenga wa maliro udafika patapita miyezi, kudzera mwa munthu wodutsa. Kenaka adafunsa funso lija, mosazungulira: "Nanga asuweni, mwabwerera malo?"

"Iyayi," adatero mkuluyo. "Nyumba ndili nayo ku Seke. Ndimafuna anawa aone kumene kudachokera mawu amene ndimawavutitsa nawo."

Mayiwo adakhala chete kwa kanthawi, kenaka adati munda sangamupatse, popeza mwambo akuudziwa yekha, koma dooko lilibe mwini. Madzulo ake amuna awiri aja adabwera kudzakhala pamphasa, ndipo mmodzi adafunsa mtengo wa thumba la simenti ku Harare.

Adakhalako masiku 6. Pobwerera mwana wamng'ono uja adanyamula mchenga m'botolo la zakumwa, ndipo pachipata cha Nyamapanda ankaopa kuti amulanda. Botololo lili pawindo ku Seke. Mu 2024 madzi a nyanja ya Malawi adakwera kwambiri mpaka kumiza magombe ndi nyumba zina za m'mphepete, ndipo mdzukulu wa asuweni aja adatumiza chithunzi pa WhatsApp: pamene padali thandala pali madzi, ndipo mabwato akukocheza pansi pa mitengo ya mango ija. Mu Disembala chaka chomwecho madzi a Chivero adapha nsomba zambirimbiri ndi zipembere zinayi za m'nkhalango ya m'mbali mwake. Mwanayo adaonetsetsa chithunzi cha ku Nkhotakota chija nthawi yaitali, nachikulitsa ndi zala, kufunafuna mwala wa posambira amuna. Ataulephera adapita kwa agogo ake, amene ankasanja zigubu zopita nazo kumjigo, nawafunsa m'Chichewa chopotoka ngati mwera ndiwo udakankhira madzi kumtunda, ndiponso ngati adzabwerere m'malo mwake iwo asadapitekonso.