Kasitima Kanga Koyamba Kolira

Mtima unkafuna Flying Scotsman, sitima yapamtunda yamalasha ya 1923 ija. Koma thebulo langa kuno ku Leeds ndi laling'ono: chidole chake cha Hornby chimafuna njanji yokhota motakasuka, ya mamilimita 438, pomwe yanga ndi ya 371. Ndiye ndinaloza kainjini kakafupi ka mawilo sikisi, ka sipika m'kati.

"Abambo, ndalama zonsezi pa chidole?" anatero akazi anga.

Za wenzulo sindinasamale kwenikweni. Ndinapempha wogulitsa kuti akayendetse pang'onopang'ono, ndimve ngati "tchu-tchu" wake akugwirizana ndi mawilo: kanayi pa kuzungulira kumodzi, monga injini yeniyeni ya masilinda awiri. Ankagwirizanadi, ndinalipira basi.

Usiku ndimachepetsa voliyumu, makoma a kuno ndi opyapyala.