Timagetsi Tokongoletsera Tikazima, Tikonze Kapena Titaye?

Mwezi wa Disembala ukamayandikira, m'makomo ambiri mumatsika katoni yomwe yagona pamwamba pa kabati chaka chonse. M'katonimo mumatuluka chingwe cha timagetsi tokongoletsera, chopiringizana ngati ukonde wa asodzi. Achilumikiza pakhoma, zii, osayaka. Mwina chayaka theka lokha. Pamenepa anthu amagawikana pawiri. Ena amataya n'kukagula china, kuiwala kuti Januwale akudikira ndi fizi ya ana komanso feteleza wobereketsa. Ena amayamba kupotokola mawaya ndi manja chingwecho chili pamoto. Njira yoyamba imadya ndalama, yachiwiri ingadye moyo.

Ife amene timatumikira m'dipatimenti ya zaumoyo pampingo sitinaphunzire zamagetsi kukoleji. Ntchito yathu ndi kuyeza anthu kuthamanga kwa magazi, kuphunzitsa za madzi aukhondo ndi kadyedwe koyenera. Koma poyendera mabanja timaona zinthu zimene zimatisowetsa mtendere: mawaya osenda olowetsedwa m'soketi n'kuwapanikiza ndi timitengo ta machesi, polumikiza pokulungidwa ndi jumbo, chingwe chodutsa pansi pomwe mwana amakwawa. Tinaona kuti nkhani imeneyi ndi yaumoyo ndithu, choncho tinapempha mbale wina wodziwa zamagetsi kuti atiphunzitse. Zimene tikugawana nanu pano n'zimene takhala tikuchita ndi manja athu.

Tikudziwa kuti pakati pathu maganizo amasiyana pa nkhani ya Khirisimasi. Baibulo silitchula tsiku limene Yesu anabadwa, ndipo mabanja ena sakongoletsa n'komwe. M'buku la The Adventist Home muli mutu wonena za nyengoyi, momwe Ellen White akulangiza kuti mphatso zathu zilunjike ku ntchito ya Mulungu ndi kwa osowa. Sitikufuna kuweruza nyumba ya munthu. Timagetsi tomweti timatiwona pa chinkhoswe, pa ukwati, pa chaka chatsopano ndi pakhomo pa golosale. Paliponse pomwe tili, tikhale tosavulaza munthu.

Mmene timagwirira ntchito

Munthu woyamba kuyatsa mtengo wa Khirisimasi ndi magetsi anali Edward Johnson, mnzake wa Thomas Edison pantchito, ku New York m'chaka cha 1882. Anaikapo mababu 80, ofiira, oyera ndi abuluu. Masiku ano pamsika pali mitundu iwiri ikuluikulu: timababu tagalasi tokhala ndi kawaya kofuka m'kati, ndi timagetsi ta LED tomwe sititentha kwambiri komanso timadya magetsi ochepa.

Magetsi a m'nyumba zathu kuno ndi a mavolti 230. Kababu kamodzi kagalasi kamangofuna mavolti awiri kapena atatu basi. Nanga n'chifukwa chiyani sikapsa? Timababuti timalumikizidwa pamzere umodzi ngati mikanda, ndipo timagawana mphamvuyo. Tikakhala 100, kalikonse kamalandira mavolti 2.3. Koma poti njira ndi imodzi, ikaduka pamalo amodzi chingwe chonse chimazima.

Opanga anaganizira zimenezi. M'munsi mwa kababu kalikonse anakulungamo kawaya kena kakang'ono kokutidwa ndi chotchinga chopyapyala. Kawaya kowala kaja kakapsa, mphamvu yonse imagwera pa kawaya kam'munsika, chotchinga chija chimabooka, magetsi n'kudutsa kupita kwa anzake. N'chifukwa chake kababu kamodzi kangathe kufa tina tonse tikuyakabe. Nthawi zina chotchingacho sichibooka, ndipo ndi pamene chingwe chonse chimada.

Pali chinthu china chimene ambiri sadziwa. Kababu kakafa, gawo lake la mphamvu limasenzedwa ndi totsala. Timababu 20 tikafa pa 100 paja, totsalato timalandira pafupifupi mavolti 2.9 kalikonse. Timawala kwambiri, timatentha, ndipo timafa msanga motsatizana. Mukaona chingwe chakale chikuwala mopitirira muyezo, musakondwere, chili pafupi kutha. Kababu kakafa, kasintheni sabata yomweyo.

Zida ndi malamulo

Zida zake si zambiri: pulayasi, sikuludiraiva, tesita, tepi yakuda ya magetsi, ndi mita yoyezera ija amaitcha multimeter. Banja limodzi lingaone ngati mitayo ndi yodula, koma mabanja angapo atha kusonkherana, ikamasungidwa ndi dikoni n'kumabwerekana.

Lamulo loyamba ndi kuzula pulagi pakhoma. Kuzimitsa switchi kokha sikokwanira, chifukwa pali nyumba zina zomwe mawaya ake analumikizidwa mosemphana. Ngakhale magetsi atathima dera lonse, zulanibe, poti amabwera osagogoda. Lachiwiri, nyengoyi ndi ya mvula, choncho gwirani ntchito pamalo ouma, manja ouma, mutavala nsapato. Lachitatu, tesita ndi yoonera ngati soketi ya pakhoma ili ndi moto, osati yopisira m'timabowo ta timababu chingwe chili cholumikizidwa. Ife ntchito zotere timazigwira Lamlungu m'mawa, kukuwala bwino. Lachisanu madzulo, dzuwa likupendeka ndipo aliyense akuthamangira kukonzekera Sabata, si nthawi yogwira mawaya. Munthu wothamanga ndi amene amadumpha lamulo loyamba lija.

Kusaka pomwe pavuta

Timayamba ndi maso ndi zala. Chingwe chonse timachitambasula patebulo n'kumachisisita pang'onopang'ono kuyambira kupulagi mpaka kumapeto. Tikufuna pomwe makoswe anatafuna, pomwe pulasitiki yauma n'kung'aluka, pomwe pada chifukwa cha kutentha, ndi kababu kosweka kapena kosowa. Kababu kalikonse timakakankhira m'malo mwake, chifukwa nthawi zambiri vuto limangokhala kababu kogwedera.

Kenako timapita kupulagi. Pulagi ya mano atatu imakhala ndi fyuzi m'kati. Timaichotsa n'kuiyeza ndi mita: mita ikalira, fyuzi ili bwino. Ikakhala yopsa, timaikamo ya 3A, yomwe zolemba zake zimakhala zofiira, osati ya 13A ya zolemba zabulauni, yomwe ndi ya ketulo ndi simbi. Musakulunge fyuzi yopsa ndi pepala lonyezimira kapena kawaya. Fyuzi inapangidwa kuti izipsa yokha nyumba isanapse. Yatsopano ikapsanso nthawi yomweyo, ndiye kuti mawaya akukhudzana penapake, ndipo chingwecho chisalumikizidwenso. Ngati chingwe chinabwera ndi pulagi ya mano awiri, dulani n'kuikapo ya mano atatu, m'malo momatsegula soketi ndi kiyi kapena kamtengo ana akuonerera.

Pulagi ikakhala bwino, vuto lili pa kababu kena. Apa ndi pomwe ambiri amagwa ulesi, poganiza zoyesa timababu 100 kamodzikamodzi. Pali njira yachidule, yogwira pa chingwe cha timababu tagalasi chopanda kabokosi kosinthira kaphethiridwe. Chingwe chili chozula, chotsani kababu ka pakati penipeni. M'kabowo kake muona tizitsulo tiwiri: kena kamachokera ku dzino limodzi la pulagi, kena ku dzino linalo. Ikani mita poyezera ma ohm, gwirizitsani nsonga imodzi pa kachitsulo, ina pa dzino la pulagi. Mbali imene mita ikuonetsa nambala, njira ili yonse. Mbali imene mita siikusintha, n'komwe kwaduka. Bwezerani kababu kaja, pitani pakati pa mbali yodukayo, chitaninso chimodzimodzi. Kuchoka pa 100 mutsala ndi 50, kenako 25, 13, 7, 4, 2, mpaka kamodzi. Mwayeza kasanu n'kawiri kokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kababu kolowa m'malo kakhale ka mavolti ofanana ndi anzake. Chingwe chakale chimene chatheratu musataye timababu take, tisungeni m'botolo ngati sipeya. Musachotse kababu kakufa n'kungolumikiza mawaya ake, chifukwa mukatero mwawonjezera katundu pa totsala.

Timagetsi ta LED tili ndi khalidwe lina. Timalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, ndiye kakalowa motembenuza sikayaka ngakhale kali kabwino. Ngati n'tochotseka, katembenuzeni muyesenso. Pa zingwe za mabatire, za USB ndi za sola, vuto kawirikawiri silikhala timagetsito ayi. Tsegulani mosungira mabatire. Mukapeza zoyera ngati mchere pa tizitsulo, batire inadontha. Pukutani ndi kansalu konyowetsa ndi viniga kapena madzi a mandimu, musakhudze ndi zala, ndipo muumitse bwino. Za sola zimakhala ndi batire yotchajika yomwe imatopa pakapita zaka. Ikani yotchajika inzake, osati batire wamba. Pukutaninso fumbi pagalasi la sola.

Waya woduka wa chingwe cha mabatire kapena cha adaputa mutha kuulumikiza: sendani, potani zolimba, wotchererani ngati chida muli nacho, kenako kulungani waya uliwonse pawokha ndi tepi. Waya wowotcherera wambiri uli ndi mtovu, womwe umawononga ubongo wa ana. Gwirani ntchitoyo pamalo opita mphepo, ana akhale patali, ndipo sambani m'manja ndi sopo musanagwire chakudya.

Pamene kukonza kuyenera kulekera

Kusamala chuma sikutanthauza kukakamira chilichonse. Chingwe cholowa mwachindunji pakhoma chikakhala chosendeka, chouma mpaka kumathetheka, chonunkha kupsa, kapena kabokosi kake katasungunuka, timachidula ndi pulayasi kuti wina asachitole n'kukachiyatsa. Chingwe chotere sichoyenera kukhala ndi zigamba za tepi, makamaka panja pomwe mvula imafika.

Chenjeraninso ndi za pakaunjika ndi zotumiziridwa ndi abale akunja. Za ku Britain ndi ku South Africa zimagwirizana ndi magetsi athu. Za ku America ndi ku Canada zinapangidwira mavolti 120, ndipo mukazilumikiza pakhoma pathu zimapsa, mwinanso kuyambitsa moto. Werengani kapepala komata pachingwe musanapereke ndalama. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pakhomo pomwe pali ana aang'ono, ife timalangiza za sola, za mabatire kapena za adaputa, poti mphamvu yoyenda m'chingwe chake ndi yochepa. Koma timabatire tozungulira ngati ndalama tisungidwe patali. Mwana akameza kamodzi, kamatha kuwotcha kum'mero m'maola ochepa chabe. Musamusanzitse, thamangirani naye kuchipatala.

Ngozi ikachitika

Munthu akagwidwa nyesi, musamugwire ndi manja, mungagwidwe nonse. Zimitsani switchi yaikulu ya nyumba, kapena kankhani waya ndi mtengo wouma mutaima pouma. Ngati sakupuma, yambani kumupsinja pachifuwa monga timaphunzitsira pa maphunziro a chithandizo choyamba, wina akufunafuna galimoto. Wakomoka, wapsa, kapena akumva mtima kugunda mosalongosoka, apite kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino. Magetsi amatha kusokoneza mtima ndi kuwotcha m'kati pomwe kunja kukuoneka kabala kakang'ono.

Pa bala lamoto thirani madzi ozizira aukhondo kwa mphindi 20. Musapake dzira, mankhwala otsukira mano, mafuta kapena dothi. Phimbani ndi nsalu yoyera yosamata.

Pogona, timagetsi tonse tizimitsidwe ndi kuzulidwa, ndipo tisayandikane ndi makatani, neti ya udzudzu kapena denga la udzu. Phindu lake ndi lapawiri. Mwapewa moto, komanso thupi limagona bwino mumdima, chifukwa kuwala usiku kumachepetsa melatonin, yomwe imathandiza tulo. Kuchipinda kwa ana kusamakhale zophethiraphethira usiku wonse.

Zimene ana amatola

Tikamakonza, ana okulirapo timawaitana kuti agwire mita ndi kuwerenga timababu. A Pathfinder ali ndi phunziro la zamagetsi, ndipo apa amaona ndi maso zimene anamva m'kalasi. Mwana amene waona chinthu chakufa chikuyakanso m'manja mwa makolo ake amakula akudziwa kuti chowonongeka chimayamba chafufuzidwa chisanatayidwe. Pa Yohane 6, anthu atadya n'kukhuta, Ambuye analamula kuti zotsala zitoledwe, ngakhale anali ndi mphamvu yochulukitsa zina. Ukapitawo umayambira pa tinthu tating'ono totere.

Nkhani ya kababu kakufa ija imatikumbutsanso za m'nyumba zathu. Nyengo ya tchuthi alendo amachuluka, ndipo kuphika, kutunga madzi ndi kuchapa zimagwera munthu mmodzi kapena awiri, kawirikawiri amayi ndi mwana wamkazi wamkulu. Amaoneka amphamvu, akumwetulira, koma mu Januwale ndi omwewo timawapeza magazi atakwera. Bambo ndi anyamata, tengani gawo lanu la katunduyo.

Nyengo ikatha, musaunjike chingwe m'katoni chili chipiringu. Chotsani mabatire, kulungani chingwe pa kachidutswa ka katoni, matani timababu ta sipeya ndi fyuzi pomwepo, ndipo ikani zonse m'chitini chotsekeka chomwe makoswe ndi chinyezi sizingalowe. Ngati pali kababu kakufa, kasintheni musanasunge, mukadakumbukira pomwe kali.