Ulendo wa ku Bletchley, Kumene Amadzutsa Makina Okalamba

Mwezi uno tikutengerani ku Mangalande, ku mudzi wa Bletchley, umene uli pa mtunda wa mamailosi 50 kuchokera ku London. Munthu akakwera sitima ya pamtunda pa Euston amafika ola lisanathe, ndipo kuchokera pa siteshoni mpongoyenda pansi.

Pamalopo pali nyumba zina zosaoneka bwino, zomangidwa mofulumira pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945, pamene Angerezi ankamasuliramo mauthenga achinsinsi a asilikali a Jeremani. M'nyumba imodzi, yotchedwa Block H, anatsegulamo mu 2007 mosungira makompyuta akale, The National Museum of Computing. Kumeneko amasonkhana amisiri osalandira malipiro, ambiri a imvi, ena anyamata ndi atsikana odzaphunzira, ndipo ntchito yawo ndiyo kusamala makinawo kuti asaleke kuyenda.

Poyamba anationetsa Colossus, chimakina chodzaza chipinda. Choyambacho anachipanga Tommy Flowers, ndipo chinayamba ntchito mu 1944. Koma nkhondo itatha boma linalamula kuti makinawo aphwanyidwe ndi mapepala ake atenthedwe, kuti chinsinsi chisaululike. Patapita zaka pafupifupi 50, Tony Sale ndi anzake anayamba kumanganso china, alibe kanthu koma zithunzi zowerengeka, zidutswa za mapepala, ndi zimene okalamba ankakumbukira. Anamaliza mu 2007, ndipo Sale anamwalira mu 2011. Akadazengereza pang'ono, akadapeza okumbukirawo atatha. M'kati mwake muli timababu tagalasi toposa 2,000, totchedwa mavalavu, ndipo munthu ukayandikira umamva kutentha ngati wakhala pafupi ndi mbaula.

Pafupi pomwepo pali Harwell Dekatron ya 1951, imene anaidzutsanso mu 2012. Imawerengera pang'onopang'ono, nyali zake zikuphethira.

Koma ife tinakhalitsa pa makompyuta ang'onoang'ono, onga BBC Micro ya 1981 imene ana a sukulu a kumeneko ankaphunzirira, pakuti matenda ake ndi omwewo a makompyuta ogwiritsidwa kale ntchito amene amafika m'masukulu ndi m'maparishi mwathu. Taonani mmene amisiri otere amachitira. Makina amene agona zaka zambiri sawalumikiza ku magetsi msangamsanga, ayi. Amayamba atsegula, ayang'ana, anunkhiza. Mu BBC Micro muli kachipangizo kosunga mphamvu ya magetsi, kapasita, kamene kakakalamba kamang'aluka ndi kutulutsa utsi wonunkha. Wosadziwa amati makina apsa, nawataya, chikhalirecho kachinthuko nkotsika mtengo, ndipo wodziwa amakachotsa ndi chitsulo chamoto naikapo kena. M'makompyuta ena mdani ndi batire laling'ono losunga nthawi: likatha limadontha madzi amene amadya tinjira tamkuwa ta pa bolodi, monga chiswe chidya nsichi mwini nyumba ali m'tulo.

Makompyuta akale a mtundu wa IBM PC amanena okha pamene pakuwawa. Ukawayatsa amadziyesa, ndipo akapeza cholakwa amalira kangapo. Mmisiri amawerenga kulirako, nayang'ana m'buku la makinawo kuti adziwe tanthauzo, popeza opanga osiyana anaika kalilidwe kosiyana. Kawirikawiri mankhwala ake ndi kuzula timatabwa ta memori, kutipukuta ndi kutibwezera bwino. Amasintha chinthu chimodzi, ayesa, alemba m'kope, ndipo pamenepo ndiye apita pa china. Ife tiyesa kuti kope limenelo liposa zida zonse za pa tebulo, chifukwa wobwera m'mbuyo amayambira pamene mnzake analekeza.

Tsono inu aphunzitsi ndi akatekisi amene muli ndi kompyuta yakufa m'kabati, musafulumire kuitaya kudzala. Itanani anzanu awiri kapena atatu, muzule chingwe ku magetsi, mupemerere fumbi, muyang'ane batire. Koma bokosi laling'ono lolandirira magetsi, ndiponso sikirini yakale yagalasi yonga wailesi ya kanema, musazitsegule konse, ndipo ana asazikhudze m'kati. Pakuti zimenezi zimasunga mphamvu yotha kupha munthu ngakhale chingwe chitazulidwa kale.