Dzina langa linali m'kope la angongole

Pepani kuti papita nthawi ndisanalembe. Teremu inali yothina, komanso ndimakonza zopereka kope lina lake kwa mwini wake watsopano. Kope lake si la masikimu kapena la rejisitala ayi. Ndi kope la komiti ya madzi ndi magetsi ya mbali yathu kuno ku Ngara, limene ndakhala ndikulisunga ngati mlembi kuyambira mu 2019. Sabata yatha ndalipereka, ndiye ndati ndikuuzeni zimene landiphunzitsa ndisanaiwale.

Kwa inu amene simunafikeko, Ngara ili m'mphepete mwa nyanja, pa msewu wa M1 pakati pa Chilumba ndi Karonga boma. Ndi malo a usipa. Ukatsika minibasi fungo lokha limakuuza kuti wafika. Madzi ali pakhomo penipeni, nyanja yonseyo. Magetsi nawonso amapangidwa m'boma lathu lomweli, pa mtsinje wa Wovwe, pomwe makina anayamba kugwira ntchito mu 1995. Ndiye mlendo angadabwe kuti anthu a malo otere angavutike bwanji ndi madzi ndi magetsi. Yankho lake ndi lapafupi. Madzi a m'nyanja ndi omwewo amene timasambamo, kuchapiramo ndi kutsukiramo nsomba. Ndipo waya kudutsa m'mbali mwa msewu sizitanthauza kuti walowa m'nyumba ya aliyense.

Mbali yathu inachita mwayi. Bungwe lina lachifundo linatikumbira chitsime chakuya, n'kuikamo pampu ya sola, thanki pamwamba pa nsanja, ndi mipope ingapo m'mudzi. Mphamvu yotsala ya mapanelo inkapita m'mabatire, ndipo m'kanyumba ka pambali anthu ankatchajamo mafoni ndi mabatire a nyali za asodzi. Mukudziwa kuti usipa amauitana ndi kuwala usiku, ndipo masiku ano ambiri anasiya nyali za parafini zija. Tsiku lotsegulira kunali magule ndi zokamba zambiri. Kenaka galimoto za alendo zinapita, ife n'kutsala ndi makiyi.

Anandisankha kukhala mlembi chifukwa ndimaphunzitsa masamu. Ndinavomera msanga, poganiza kuti ntchito yake ndi kulemba maminitsi basi. Misonkhano inkachitika m'Chitumbuka, ine wobadwira kuchigawo chapakati n'kumalemba m'Chichewa, liwu lakuti "maji" lokha n'kumalimva bwinobwino. Safunsa anadya phula. Ndikanafunsa kaye, ndikanadziwa kuti ntchito yeniyeni ya komiti yotere ndi kupempha ndalama kwa anthu amene ukakumana nawo mawa ku tchalitchi, pa msika ndi pa maliro.

Tinagwirizana kuti banja lililonse lizisonkha kandalama kochepa pa mwezi, ndipo otchajitsa azilipira pomwepo. Miyezi yoyamba zinayenda. Kenaka zifukwa zinayamba. Mwera ukawomba, cha m'ma Juni mpaka Ogasiti, maboti sapita panyanja, ndipo ndalama imasowadi m'mudzi. Mwezi ukawala kwambiri usipa subwera ku nyali, ndiye nayonso ndi sabata ya njala. Zifukwa zimenezi zinali zoona. Koma panali zinanso. Bambo wina wa maboti angapo, mlamu wake wa mmodzi wa ife a komiti, ankabweretsa mabatire ambirimbiri n'kumati, "Lembani, ndidzapereka pamodzi." Tinkalemba. Mayi wina wophika m'lesitilanti ankatunga migolo yathunthu pa mtengo womwewo wa agogo amene amatunga ndowa ziwiri. Tinkaona, koma osanena. Ndalama zochepa zimene zinkapezekazo zinkasungidwa m'nyumba, ndipo wina akadwalitsa kapena akasowa ya feteleza, ankabwereka. Anthu ake ndi athu omwe, ungawakanize bwanji?

Ndipo panali mfundo ina imene tinaipanga ife a komiti tokha, madzulo ena, popanda anthu. Tinati popeza tikugwira ntchito yopanda malipiro, ife tisamasonkhe. Ine ndi amene ndinailemba m'kope ndi dzanja langali. Inkaoneka yanzeru ndithu.

Pampu ya sola ili ndi khalidwe loipa limodzi: sidandaula. Mjigo wa Afridev uja ukayamba kutha mabushi umalira, umagwedera, amayi amadziwiratu kuti tiitane mekaniki. Ya sola imangogwira ntchito mwakachetechete, dzuwa osatumiza bilu, mpaka anthu n'kuyamba kukhulupirira kuti madziwa ndi aulere. Chonsecho mabatire akukalamba, pampu ikudyeka, tsiku lake likuyandikira.

Tsiku lathu linafika mu dzinja la kumayambiriro kwa 2023. Kunagwa mvula ya ziphaliwali usiku, m'mawa thanki osadzaza. Mekaniki atabwera anati kabokosi koyendetsa pampu kapsa, kofunika kugula kena ku Mzuzu kapena ku Lilongwe. Titawerenga ndalama za m'thumba la komiti, sizinafike ndi theka lomwe. M'kope munali ndalama zokwanira kugula tiwiri, koma zonse zinali mayina a anthu.

Mukukumbukira kuti imeneyo inali nthawi ya kolera. Mliri umene unayamba mu Marichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo madoko a asodzi anali ena mwa malo ovuta kwambiri. Mipope yathu itauma, amayi anabwerera kunyanja ndi ndowa zawo. Alangizi a zaumoyo ankagawa kolorini, koma si onse ankathira, ena ankati imanunkha.

Patapita masabata awiri, mtsikana wina wa Fomu 4 anajomba masiku atatu. Anali mwana wosajomba chisawawa, wa masamu abwino zedi. Atabwera ndinamufunsa ndi mawu aukali pang'ono, monga tichitira aphunzitsi. Iye anati, "Sala, mng'ono wanga anali ku tenti ya kolera. Amayi anali komweko, ine ndimasamala ana ena." Anakhala chete pang'ono, kenaka anafunsa, "Sala, inu si muli mu komiti? Madzi abwera liti?"

Sanafunse mwamwano. Anangofunsa ngati mmene amafunsira funso la aljebura, akudziwa kuti aphunzitsi ali ndi yankho. Ine ndinalibe. Mwanayo anachira, tithokoze Mulungu. Sindinganene motsimikiza kuti anadwala chifukwa cha pampu yathu, poti kolera inali paliponse. Koma usiku umenewo ndinatsegula kope lija n'kuwerengetsa ndalama zimene ife a komiti tikanasonkha kuchokera mu 2019. Ndinabwereza kawiri. Kuphatikiza ndi ngongole ya mabatire ija, kabokosi kaja tikanagula tsiku lomwe kanapsa.

Amfumu anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango. Anthu anabwera ambiri kuposa tsiku lotsegulira, ndipo anabwera okwiya. Ena ankati komiti yadya ndalama. Anzanga anandipempha kuti ndingowerenga chiwerengero chonse, osatchula mayina, kuopa kudanitsa anthu. Ine miyendo inkanjenjemera, koma ndinakumbukira kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndinaimirira n'kunena kuti, "Amfumu, ndi chilolezo chanu ndiwerenga mayina a angongole. Ndiyamba ndi langa."

Ndinawerenga dzina langa, miyezi yonse imene sindinasonkhe, ndi ndalama yake. Ndinafotokozanso za mfundo ija tinapanga patokha. Kunali zii. Agogo ena aakazi anayankhula m'Chitumbuka, anthu n'kuseka, ndipo mnzanga anandimasulira kuti akuti iwo ankagulitsa nkhuni kuti aphunzitsi amwe madzi. Sindinachitepo manyazi otero chibadwire. Koma nditatha langa, mayina enawo anawerengeka mosavuta. Bambo wa maboti uja anayamba kukalipa, amfumu n'kumufunsa kuti, "Aphunzitsi avomera yawo, inu yanu mukuikana?" Anakhala pansi. Mwezi usanathe madzi anatulukanso. Ine malipiro a mwezi umenewo anathera komweko, ndipo mayi a kunyumba sanandiyankhule bwino masiku angapo.

Pa msonkhano womwewo anthu, osati komiti, anapanga malamulo amene tikuyendera mpaka lero. A komiti azikhala oyamba kusonkha, ndipo mayina awo azikhala pamwamba pa tsamba. Ndalama zizisungidwa ku banki, osayinira atatu, mmodzi wa iwo akhale mayi wosakhala mu komiti. Thumba la madzi silibwereketsa, ngakhale pa maliro. Pakutha pa mwezi tizimata pepala pa khoma la kanyumba kaja losonyeza zolowa, zotuluka ndi zotsala. Wochita bizinesi azilipira molingana ndi madzi amene watunga. Okalamba ndi amasiye osowa pogwira asamalipire, koma mayina awo azivomerezedwa pagulu chaka chilichonse, osati kunong'onezana. M'miyezi ya usipa wambiri munthu atha kulipiriratu miyezi ya mwera. Ndipo kukachita mitambo, mphamvu n'kuchepa, pampu ndiyo iziyamba, mabatire a nyali pambuyo. Lamulo lomalizali asodzi analimbana nalo kwambiri, koma amayi anawaposa mawu.

Mayeso aakulu a malamulowa anabwera mu Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Zipangizo zonse za sola zimachokera kunja, ndiye mitengo inalumpha. Tinayenera kukweza msonkho wa pa mwezi. Kale tikanaopa, n'kungosiya mtengo wakale kuti anthu atikonde. Ulendo uno ndinatenga choko ndi kabolodi ka ku sukulu. Ndinalemba mtengo wa batire, n'kugawa ndi zaka zimene limakhala, n'kugawanso ndi miyezi 12, kenaka ndi chiwerengero cha mabanja. Anthu anatsutsa, ena anawerengetsa pa mafoni awo, mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa anandipeza ndi kolakwika pang'ono, tonse n'kuseka. Pamapeto anavomera mtengo wotsikirapo kuposa umene tinapempha, koma wokwera kuposa wakale. Walira mvula walira matope.

Chiyambireni ntchito imeneyi ndimawerenga nkhani za mabungwe akuluakulu ndi diso lina. Mabodi a madzi, monga Northern Region Water Board, anakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1995 kuti azidziyendetsa ndi ndalama za ogula madzi. Kwa zaka zambiri nyuzipepala zakhala zikulemba za madandaulo a mabodiwa kuti nthambi za boma lenilenilo zili ndi ngongole zazikulu za madzi, n'chifukwa chake mamita olipiriratu anafala. Ndikawerenga zimenezi ndimangoona komiti yathu ija ikudzikhululukira yokha. ESCOM ikafuna kukweza mtengo wa magetsi imakapempha ku MERA, ndipo pamakhala misonkhano yomva maganizo a anthu. Umenewo ndi mtengo wa mango womwewo, kungoti uli mu hotela. Ndipo namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, funso linali lomwe lija la mtsikana wanga: abwera liti, nanga ndalama yokonzera ili kuti?

Si nkhani yatsopano. Mipope ya madzi otsika okha kuchokera m'mapiri inayamba ku Chingale ku Zomba mu 1968, anthu akukumba okha ngalande za mapaipi, ndipo inatchuka mpaka kunja. Patapita zaka, yambiri inayamba kuuma chifukwa ndalama zokonzera zinasowa, mpaka boma linayamba kulimbikitsa mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi kuti azitolera ndalama ndi kuyendetsa okha. Kukumba ngalande timatha, kuvina tsiku lotsegulira timathanso. Chimatikanika ndi ka tsiku ndi tsiku kaja: risiti, kope, ndi kuuza mlamu wako kuti lero ayi.

Musaganize kuti zonse zili bwino tsopano. Angongole alipobe. Mpope umodzi ukudontha chiyambire mwezi watha. Bambo wa maboti uja mpaka lero amandipatsa moni wa pakamwa pokha. Koma ku banki kuli ndalama yoti kabokosi katapsa usiku uno, mawa wina akwera basi ya ku Mzuzu.

Aphunzitsi anzanga, ambiri a inu muli m'makomiti otere, a mjigo, a tchalitchi, a chitukuko cha m'mudzi, chifukwa anthu amati mphunzitsi amadziwa kulemba. Funsani lero kuti m'thumba muli zingati, ndipo chinthu chodula kwambiri chimene chingaonongeke ndi cha ndalama zingati. Manambala awiriwo akatalikirana, itanitsani msonkhano madzi akadali kutuluka. Ndipo musanawerenge dzina la wina, yang'anani lanu.

Inu ana anga amene muli ku Mzuzu, ku Lilongwe, ngakhale ku Johannesburg, mukamatumiza ndalama kumudzi muzifunsako ngati ya madzi yaperekedwa.

Kope lija ndapereka kwa mlembi watsopano amene anthu anasankha. Ndi mtsikana uja wa Fomu 4. Anakhoza MSCE, ndipo pano akugulitsa mu shopu ya achibale ake akudikira mwayi wa koleji. Atalilandira anatsegula tsamba la mwezi uno, n'kuyendetsa chala pa mayina.

"Sala, ya mwezi uno simunapereke."

Linali tsiku lachitatu la mwezi. Ndinapisa m'thumba.